Buku limodzi pamwezi: mmene mungachitire chalenji yowerenga kuno ku Harare

Abale anga a kuno ku Harare, kaya muli ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth kapena kumayadi komwe mukugwira ntchito, chalenji yomwe ndikukuitanirani ndi iyi: buku limodzi mwezi uliwonse, kuyamba pa 1, kumaliza mwezi usanathe, kenako kukumana ndi anzanu n'kukambirana zomwe mwapezamo. Kuinena n'kosavuta, koma ambiri amayamba Januwale ndi moto, pofika Malichi buku lili pansi pa bedi likudya fumbi. Sikuti anthuwo ndi aulesi ayi, kungoti amayamba opanda dongosolo. Nde tiyeni tikambirane dongosololo.

Musasankhe buku loti anthu akuoneni nalo. Chibuku cha mapeji 600 chisiyeni kaye, chidzafika nthawi yake. Miyezi itatu yoyamba tengani la mapeji 150 mpaka 250 basi. Mukalitenga tsegulani kumapeto muone nambala ya peji yomaliza, muigawe ndi 24, osati 30. Chifukwa chake mwezi uli ndi maliro, uli ndi ukwati, uli ndi Lamlungu loti mwatandala kutchalitchi kapena Lachisanu la kumzikiti, ulinso ndi tsiku lija madzi amabwera usiku aliyense n'kudzuka kukatunga m'zigubu mpaka kucha, ndiye masiku 6 otsalawo ndi a zimenezo, mukaphonya simuyamba kudzida. Buku la mapeji 240 ndi mapeji 10 patsiku, mphindi 20 kapena 30 kwa munthu wowerenga mosathamanga. Tengani kapepala mulembe kuti pa 7 ndikhale pa peji 60, pa 14 pa 120, pa 21 pa 180, pa 28 ndamaliza, kapepala komweko muzikaika pomwe mwalekezera. Kupinda makona a buku, makamaka la eni, chonde ayi.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. Aliyense amati ndilibe nthawi, ndipo sakunama, moyo wa mutauni muno ndi wothamanga. Koma nthawi yapadera yowerengera simudzaipeza, chofunika n'kumangirira buku pa chinthu chomwe mumachita kale tsiku ndi tsiku. Amene mumakwera kombi, ganizani mphindi zomwe mumakhala pa renki ya Copacabana kapena Market Square kudikira kuti idzaze, kapena pamzere wa madzulo uja. Mapeji 10 amathera pomwepo. Khalani mpando wakumbuyo cha pawindo, osati pafupi ndi chitseko pomwe hwindi, kondakitala uja, azikudzutsani munthu aliyense akamatsika. Ena mutu umazungulira mukawerenga galimoto ikuyenda, inuyo werengani isananyamuke, ikangonyamuka tsekani. Ndipo buku la pepala lili ndi ubwino wake mutauni, palibe amene angakutsomphoreni pawindo ngati foni.

Alonda a usiku, inu ndiye muli ndi mwayi kuposa tonse, bola tochi ikhale ndi moto. Amayi ogwira ntchito m'nyumba, pali kanthawi kaja masana mwamaliza kusita ana asanabwere ku sukulu. Ogulitsa pamsika, makasitomala akachepa dzuwa lili paliwombo. Magetsi akathima madzulo, TV yazima, m'malo modandaula yatsani kanyale ka sola mutenge buku. Chimodzi chokha ndikupempheni: powerenga foni iikeni m'chikwama kapena chipinda china. WhatsApp ikangolira kamodzi, mapeji 10 aja asanduka awiri. Ngati buku lanulo lili mufoni momwemo, zimitsani data kaye, bandulo yanu ipumeko.

Tsopano mabuku muwapeza kuti. Yambani ndi Harare City Library pa Rotten Row. Laibulale imeneyi ndi yakale, inayamba mu 1902 ikutchedwa Queen Victoria Memorial Library, ndipo Doris Lessing, mayi amene anakulira m'dziko muno n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 2007, atamwalira mu 2013 anaisiyira mabuku ake oposa 3,000. Anthu timadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osalowamo. Tengani chitupa chanu ndi pepala losonyeza komwe mukukhala, mukafunse za kalembetsedwe ndi ndalama yake, mufunsenso nthambi yomwe ili kufupi ndi kwanu. Kwinanso ndi kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa misewu ya mutauni. Pamenepo khalani tcheru, ambiri ndi mabuku a fotokope, ena mapeji anasowa, ena analowana, mumafika pakati nkhani itakoma n'kupeza peji 112 yatsatana ndi 129. Musanalipire pitirizani chala m'mapeji onse muone manambala, muonenso ngati peji yomaliza ilipo. Ine maganizo anga, bola buku lakale lenileni lothimbirira kusiyana ndi fotokope yonyezimira, chifukwa pa fotokope wolemba sapezapo olo senti, pomwe anakhala zaka akulemba. Zimbabwe International Book Fair, yomwe inayamba mu 1983 ndipo imadziwika ndi ku Harare Gardens, ikachitika pitani ndi ana, kumeneko mumakumana ndi osindikiza eni ake.

Chalenji ya munthu mmodzi imafa msanga. Pezani anzanu, asapitirire 6 kapena 8, a kutchalitchi, a ku sosayeti ya maliro, oyandikana nawo nyumba, aliyense amene mumaonana naye kale popanda kulipira thiransipoti. Chitani chipereganyu cha mabuku: aliyense aziponya dola imodzi kapena ziwiri pamwezi, mugule buku limodzi kapena awiri, akhale a gulu. Pakhale kope, ndipo mmodzi mwa inu, amene saopa kukumbutsa anthu, azilemba kuti buku lakuti lili ndi uje, analitenga tsiku lakuti. Popanda kope limenelo mabuku amathera m'manyumba ndipo chibale chimasokonekera.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti kodi tonse tiziwerenga buku limodzi? Kukanakhala kotheka bwenzi zili bwino, koma makope 6 a buku limodzi muwagula ndi chiyani. Njira yomwe imatiyendera ife ndi yosankha mutu wa mwezi, aliyense n'kupeza buku lake logwirizana ndi mutuwo, pokumana n'kusinthana. Ndipo mutuwo uzitsata mmene chaka chimayendera kuno. Januwale ndalama zonse zapita ku fizi ndi yunifolomu, nde mutu wake ukhale buku lomwe lili kale m'nyumba koma simunaliwerengepo. Febuluwale ndi wamfupi, tengani la nkhani zifupizifupi. Epulo, poti pa 18 timakumbukira ufulu wa 1980, werengani wolemba wa ku Zimbabwe. Juni kukuzizira, anthu amalowa m'nyumba msanga, apo ndiye potengera chibuku chachikulu chija. Julayi, pa 6 Malawi analandira ufulu mu 1964, werengani wolemba wa kumudzi. Okutobala kutentha, ana ali pa mayeso, mutu suchedwa kutopa, ndakatulo zimakwana. Disembala ndi buku la pa basi. Miyezi inayo mudzagwirizana nokha.

Koma pali lamulo limodzi lomwe ine sindilola kuti lisinthidwe, ndipo ndi chifukwa chenicheni chomwe ndalembera zonsezi: pa miyezi itatu iliyonse, umodzi ukhale wa buku la Chichewa.

Makolo athu anabwera kuno kalekale, ena wapansi kudutsa ku Tete, ena ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ambiri nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi kale lomwe chisanabwere. Ena anabwerera, ena anakhala matchona, ife ndife zidzukulu zawo, ndipo ena mwa ife tabwera posachedwapa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Papepala chilipo. Koma lowani m'nyumba zathu: ana amalankhula Chishona ndi anzawo, Chingerezi ku sukulu, Chichewa amachimva kwa agogo, pamaliro, m'nyimbo za kutchalitchi ndi ku gule. Kumva amamva, kuyankha amayankha mu Chishona, kuwerenga ndiye ayi ndithu. Ndipo tisanamizire ana okha, akuluakulu ambiri tikapatsidwa ndime ya Chichewa kuti tiwerenge pagulu timagwiragwira. Chishona ndi chabwino, ndi chathunso, palibe akuti tichisiye. Koma chilankhulo chomwe sitichiwerenga chimatha ndi agogo omaliza m'banja, ndipo zimenezo ine zimandiwawa.

Mabuku a Chichewa m'mashopu a kuno simuwapeza wamba, choncho muyenera kutuma. Nthawi zonse pamakhala wina amene akukwera basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Mpatseni ndalama ya gulu ndi kapepala kolemba mayina a mabuku, osangoti mukatigulireko buku, chifukwa adzabwera ndi chilichonse kapena chimanjamanja. Muuzeni akayang'ane m'mashopu a CLAIM ndi kwa ogulitsa mabuku a sukulu m'misika, afunse mabuku a Chichewa omwe ana a sekondale amawerenga kapena ankawerenga. Abweretsenso nyuzipepala, Tamvani yomwe imatuluka mkati mwa Weekend Nation ndi yabwino kwambiri poyambira chifukwa nkhani zake ndi zazifupi ndipo Chichewa chake ndi cha lero. Podikira wa pa basiyo musakhale chabe. M'nyumba zambiri muli Buku Lopatulika. Buku la Rute lili ndi mitu 4 yokha, la Yona 4, la Estere 10, ndipo Miyambo ili ndi mitu 31, mutu umodzi patsiku ndiye kuti mwezi wakwana. Olo amene sapemphera kutchalitchi, nkhani ya Yosefe ndi abale ake mu Genesis ndi nkhani yoti simungaisiye pakati.

Mwezi wa Chichewa uwerengedwe mokweza, osati chamumtima. Madzulo mukatha kudya, mphindi 15, mwana awerenge ndime imodzi, inu ndime ina. Dziwiranitu pomwe adzapunthwe kuti mumuthandize. Mwana wophunzira Chingerezi akaona phala amawerenga fala, akaona thumba amaika lilime pamano ngati Mzungu, muuzeni kuti h ameneyo ndi kampweya chabe kotuluka pambuyo pa p, t ndi k, aike dzanja pakamwa amve kusiyana kwa pala ndi phala. Wozolowera Chishona amasokonezeka ndi ng' wa mu ng'ombe ndi ng'oma, chifukwa liwu lomwelo Chishona chimalilemba n', ndiye muonetseni kuti ng'oma ndi ngongole siziyamba mofanana. Mabuku akale, osindikizidwa malamulo a kalembedwe a 1973 asanabwere, komanso ochokera ku Zambia, amalemba c pomwe ife timalemba ch, mukaona cimanga dziwani ndi chimanga chomwechi. Akalakwitsa musamuseke, ndipo muletse azikulu ake kumuseka. Mwana akasekedwa kamodzi sabwereranso.

Ngati m'nyumba muli agogo, ndiye mwapeza mphunzitsi waulere. Kwathu kuno mtsikana wina wa Fomu 2 ankawerengera agogo ake omwe maso anayamba kuchita chifunga, anafika pa mawu oti chikamwini n'kuima, sanadziwe. Agogo aja anadzuka pomwe anagona, n'kuyamba kufotokoza mmene mwamuna ankasamukira kumudzi kwa mkazi, kulima munda wa apongozi, kumanga nyumba, ndi mmene iwo eni anakanira mnyamata wina chifukwa khasu linkamulemera. Tsiku limenelo anawerenga theka la peji basi, kandulo mpaka inatha, koma mtsikanayo mawa lake anabwera yekha ndi buku. Masiku otere musawerengere mapeji.

Za mabuku omwe andigwira mtima posachedwapa, nditchulepo angapo kuti mukhale ndi poyambira.

Loyamba ndi Out of Darkness, Shining Light la Petina Gappah, lotuluka mu 2019. David Livingstone anamwalira mu Meyi 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, ndipo anthu ake anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi n'kuliumitsa, n'kulinyamula miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo kunyanja yaikulu. Ku sukulu tinaphunzira za Livingstone, za onyamulawo tinangomva mayina awiri, Susi ndi Chuma. Gappah anapereka pakamwa kwa Halima, mayi wophika wa paulendowo, ndi Jacob Wainwright, mnyamata wophunzira ku mishoni. Halima ndi wolongolola, wamiseche, wanzeru, mukamamuwerenga mumachita kumumva ngati ali pa mpopi. Gawo la Jacob ndi lolemerako, likufuna kupirira, koma musalidumphe. Ife a ku Malawi bukuli likutikhudza, Chuma anali Myao, anamasulidwa kwa ogula akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali mwana. Ili ndi la mwezi wa Juni, si lothamangira.

La Epulo, ngati simunawerengepo Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga la 1988, yambani ndi limenelo. Ndi lalifupi, mapeji cha m'ma 200. Tambu, mtsikana wa kumudzi kufupi ndi Mutare, makolo akuti ndalama ya fizi ilipo ya mchimwene wake yekha, iye n'kulima kamunda kake ka chimanga kuti akagulitse mutauni adzilipirire. Mayi aliyense amene anasiyitsidwa sukulu kuti mlongo wake apitirize adzadziona mmenemo, ndipo pa kukumana kwathu bukuli ndi lomwe linayambitsa mkangano waukulu, abambo ena ankaikira kumbuyo Babamukuru, bambo ake aakulu a Tambu, kuti munthu wolipirira mtundu wonse fizi ayenera kumveredwa, amayi akuti kulipira fizi sikugula munthu. Tinabalalika kutada.

La Julayi ndinabwereza I Will Try la Legson Kayira la 1965. Mnyamata wa kumpoto kwa Malawi, wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, anayenda mpaka ku Khartoum, ndipo patatha zaka ziwiri anakafikadi ku koleji ku Washington State. Mukamawerenga muzikumbukira kuti agogo athu nawonso anayenda wapansi, iwo analowera kummwera kuno, kungoti sanalembe. Kwa achinyamata a m'nyumba, apatseni The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer la 2009. Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, anaona chithunzi m'buku, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga. Mitu yokamba za njala ndi yowawa, konzekani. Filimu yake ilipo koma aonere atamaliza buku.

Pa Chichewa, lomwe tinawerenga mokweza n'kukoma ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, nkhani ya nsanje pa chuma chobwera nacho kuntchito, ndi mbalame yomwe imaimba kuulula mlandu wobisika. Ana amaikonda chifukwa cha mbalameyo, akulu amakhala chete chifukwa nkhani ya wina kubwerera kumudzi ndi katundu wina chimanjamanja timaidziwa bwino. Mukalipeza, tumaninso Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linatuluka mu 1933, limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa ndipo miyambo ya kumudzi ili mbwee. Mabuku a Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba nawonso muwalembe pa kapepala ka wa pa basi uja, Chichewa chawo n'chofewa kwa woyamba kumene.

Kukumana kukhale Loweruka kapena Lamlungu lomaliza la mwezi, ola limodzi ndi theka, nyumba zizisinthana. Wolandira alendo asavutike ndi kuphika, tiyi ndi mbatata kapena chimanga chokazinga zakwana, mukayamba za nkhuku anthu adzayamba kuthawa kulandira. Aliyense apatsidwe mphindi 5 anene buku lake, munthu wa m'nkhanimo amene anamukwiyitsa kapena kumumvetsa chisoni, ndipo awerenge mokweza ndime imodzi yomwe anaikonda. Asaulule mathero poti wina alitenga bukulo lero lomwe. Amene ndi aphunzitsi pakati panu adzigwire, si kalasi iyi, palibe kufunsana mafunso a mayeso. Zilankhulo sakanizani mmene mumachitira kunyumba, koma mwezi wa Chichewa yesetsani Chichewa chokhachokha olo chikhale chothyokathyoka.

Amene sanamalize abwere ndithu, anene pomwe wafika. Mukayamba kuchititsana manyazi gulu litha miyezi iwiri. Ndipo buku likakukanani, mwafika peji 50 simukumva kanthu, lisiyeni mutenge lina lalifupi kuti mwezi usapite chabe, mwina lidzakukomerani chaka china, mwinanso ayi. Gulupu ya WhatsApp ikhale yongokumbutsana, Lamlungu lililonse aliyense alembe nambala ya peji yomwe ali, basi, mavidiyo ndi mauthenga otumizirana aja apite kwina.

Musanabalalike pa kukumana kulikonse chitani zinthu zitatu izi anthu adakali pansi: mabuku abwezedwe ndi kulembedwa m'kope, mutu wa mwezi wamawa ugwirizanidwe, ndipo aliyense atuluke pakhomo buku lake lili m'manja. Amene wanena kuti ndikapeza mkati mwa sabata, mubwerekeni lililonse lomwe latsala patebulo. Ndipo ngati pali amene akupita kumudzi Disembala, ndalama ya mabuku a Chichewa a chaka chamawa iyambe kusonkhedwa Okutobala, mayina a mabuku alembedwe pa mapepala awiri, lina apite nalo, lina litsale m'kope.